Zilembo za Zapfino pa sikelo: kukongola kwake, malire ake ndi chilolezo cha mwini

Masiku ano kalata yoitanira anthu ku ukwati, setifiketi ya omaliza maphunziro, ngakhale pulogalamu ya maliro, zikutuluka ndi zilembo zopendekeka ndi zopotana ngati zolembedwa ndi dzanja, chikhalirecho ndi kompyuta idalemba. Mtundu uliwonse wa zilembo za m'kompyuta amautcha font, pa Chipwitikizi amati fonte. Mwa mitundu yambirimbiri yotsanzira dzanja la mlembi waluso, ndasankhapo umodzi wotchuka, dzina lake Zapfino, kuti tiuike pa sikelo.

Mwini luso limeneli ndi Hermann Zapf wa ku Jeremani, amene adabadwira ku Nuremberg mu 1918 namwalira mu 2015. Bamboyu adadziphunzitsa yekha kulemba mwaluso poŵerenga mabuku a alembi akale. Zapfino idachokera pa zilembo zimene iye adalemba ndi dzanja mu 1944, ali msilikali wojambula mapu pa nkhondo yachiŵiri. Makina osindikizira a nthaŵi imeneyo ankagwiritsa ntchito zilembo zachitsulo, chilichonse pa kachitsulo kake, ndipo michira yaitali yoloŵerera pa zilembo zinzake inali yovuta kuikonza. Padapita zaka zoposa 50 mpaka kampani ya Linotype idazitulutsa za pa kompyuta mu 1998.

Tiyambe ndi kuyamika, poti ntchitoyi njoyamikika ndithu. Munthu akamalemba ndi dzanja, chilembo chimodzi sichituluka chimodzimodzi kaŵiri. Zapf adazindikira zimenezi, tsono chilembo chilichonse adachipatsa maonekedwe angapo, kuti wosindikiza azisankha. Nchifukwa chake mau a Zapfino saoneka ouma ngati a makina. Cholembera chimachita kuoneka pamene chidatsindika ndi pamene chidangokhudza pepala. Mukalemba mau aŵiri kapena atatu pamwamba pa pepala, malo nkuwasiyira okwanira, maso amakondwa.

Komatu malire ake ali pomwepo. Mitu ya zilembo monga d ndi h imakwera kutali, michira ya g ndi y imatsika kutali, pamene thupi la chilembo ndi laling'ono. Mizere ikayandikana michira imakolana. Mukajambulitsa pepalalo pa fotokope, timizere tating'ono tija timazimirira. Tsono taganizani za chinenero chathu, chodzaza ndi m, n, u ndi w. Mau ngati mwamuna kapena munthu akalembedwa ndi zilembo zopendekeka zogwirana, wophunzira kumene amangoona mafunde okhaokha.

Ndidaziwona ndekha zimenezi pa mwambo wopereka masetifiketi ku sukulu ya akuluakulu. Amai ena achikulire, amene adavutika miyezi yambiri kuti adziŵe kuŵerenga, adalandira pepala lao lolembedwa ndi zilembo zamtundu woterewu. Adalitembenuza uku ndi uku, kenaka nkundifunsa motsitsa mau kuti, "Abusa, kodi dzina langa lili pati pamenepa?" Ndidachita manyazi. Pepala loti lichitire umboni kuti amaiwo akutha kuŵerenga ndi lomwe lidaŵabweza m'mbuyo. Mlandu sunali wa amisiri okonza zilembo, unali wa ife amene tidazisankha.

Kwa ophunzira kumene kuli zilembo zina zotchedwa Andika, zokonzedwa ndi bungwe la SIL. Dzinali ndi la Chiswahili, kutanthauza kuti lemba. M'menemo a ndi g zimaoneka monga momwe mphunzitsi amalembera pa bolodi, ndipo I wamkulu, l wamng'ono ndi nambala 1 sizisokonezana. Zilibe michira yokometsera, koma zimaŵerengeka.

Chinanso nchakuti zilembo zambiri zokongola zimene anthu amatola pa intaneti zidakonzedwera Chingerezi chokha. Mukafuna ŵ wa kadenga, kapena ã ndi ç za Chipwitikizi, kompyuta imaika kabokosi kapena kubwereka chilembo cha mtundu wina pakati pa dzina la munthu. Musanasindikize, yambani mwayesa kulemba Malaŵi, ng'ombe ndi Conceição, muwone ngati zonse zatuluka bwino.

Tsopano za chilolezo, pakuti apa ndiye ambirife timapunthwa. Zilembo za m'kompyuta zili ndi mwini wake. Mukalipira ndalama simudagule zilembozo ai, mwagula chilolezo chozigwiritsa ntchito m'njira imene mwini wanena. Chilolezo chofala ndi cha pa kompyuta ya mu ofesi: chimatchula chiŵerengero cha anthu kapena makina ololedwa, ndipo mumasindikiza nacho makalata ndi mabuku. China ndi choikira zilembo pa tsamba la intaneti, chimene kaŵirikaŵiri mtengo wake umatsata kuchuluka kwa anthu otsekula tsambalo. Chinanso ndi choikira zilembo m'pulogalamu ya pa foni kapena m'buku loŵerengera pa makina. Kukhala ndi chimodzi sikutanthauza kuti muli ndi zonse.

Zapfino imabwera kale m'makompyuta a Apple. Mwini kompyutayo atha kulemba ndi kusindikiza nayo, koma kuikopera pa fulashi nkugaŵira anzake sikuloledwa. Palinso zilembo zolembedwa kuti nzaulere, koma m'kapepala kake mwini adanena kuti nzogwiritsa ntchito pa zako zokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Wosindikiza makalata a ukwati molipiritsa akatenga zoterezi, akukolola m'munda wa mwini osapempha.

Njira yoyera ilipo. Mu 2005 bungwe la SIL lidatulutsa chilolezo chotchedwa Open Font License, nkuchikonzanso mu 2007. Zilembo za pansi pa chilolezochi mutha kuzigwiritsa ntchito pa malonda, kugaŵira anzanu, ngakhale kuzisintha, monga kuwonjezamo ŵ ngati mulibe. Choletsedwa nkugulitsa zilembozo pazokha, ndipo mukazisintha musazitche dzina limene mwini adasunga. Andika ili pansi pa chilolezo chimenechi. Ofuna zopotana za pa ukwati aliponso nazo, monga Great Vibes ya Robert Leuschke.

Chigamulo changa nchakuti Zapfino ndi ntchito ya mmisiri weniweni, ndipo mmisiri wotere ayenera kulemekezedwa pa zinthu ziŵiri: zilembo zake tizigwiritse pamalo pake, ndiponso tizigwiritse ndi chilolezo. Ziikeni pa mutu wa pepala, zikongoletse. Koma dzina la munthu, tsiku ndi malo zilembedwe ndi zilembo zoongoka, kuti mwini dzinalo aliŵerenge yekha popanda kufunsa mnzake.