N'cifukwa ciyani timamuombera m'manja Jack Bauer?

Ena mwa ife tinaonerapo filimu yochedwa 24. Tinaionera m'nyumba ya vidiyo ya pamsika, kapena pa foni ya mwana wathu wocokera ku tauni. Ena sitinaionerepo. Palibe kanthu. Tiyamba tafotokoza za filimuyi, kenaka tikambirane za anthu amene amaionera.

Filimu ya 24 inapangidwa ku America. Amene anaiyambitsa ndi Joel Surnow ndi Robert Cochran. Inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ya Fox pa 6 Novembala 2001. Apa n'kuti pasanathe miyezi iwiri cicitikire ciwembu ca pa 11 Seputembala, pamene zigawenga zinalanda ndege zinayi ndi kupha anthu pafupifupi 3,000. Anthu a ku America anali ndi mantha. Analinso ndi mkwiyo. Filimuyi inawapeza mitima ili conco.

Mwini nkhani ndi Jack Bauer. Amene amasewera ngati Jack ndi Kiefer Sutherland. Jack amagwira nchito mu ofesi yolimbana ndi zigawenga yochedwa CTU, mu mzinda wa Los Angeles. Ofesi imeneyi ndi yopeka, monganso Jack mwini wake.

Dzina lakuti 24 likucokera pa maola a tsiku. Nkhani iliyonse imacitika tsiku limodzi, ndipo imagawidwa m'zigawo 24. Cigawo cimodzi ndi ola limodzi. Kucokera mu 2001 kufika mu 2010 anaonetsa masiku 8, ndiye kuti zigawo 192. Mu 2014 anawonjezera zigawo 12 zocitikira ku London.

Tinene zoona: filimuyi anaipanga mwaluso. Pa kanema pamaoneka wochi ya manambala. Wochiyo imalira ngati mtima ukugunda. Nthawi zina cithunzi cimagawika m'timabokosi, ndipo timaona anthu atatu kapena anayi nthawi imodzi. Uyu akuthamanga, uyu akuimba foni, uyo akumanga bomba. Munthu ukayamba kuonera sufuna kunyamuka. Nsima imazizira. Mu 2006 filimuyi inalandira mphoto ya Emmy, ndipo Sutherland nayenso analandira yake.

Tsopano tione zimene Jack amacita.

Pa tsiku laciwiri, zigawenga zabisa bomba la nyukiliya mu Los Angeles. Jack akufuna kulowa m'gulu la anthu oipa kuti amve zinsinsi zawo. Iye aitanitsa mboni ina imene inali m'manja mwa boma. Aiwombera mu ofesi momwemo. Kenaka apempha maceka odulira zitsulo, kuti mutu wa munthuyo apite nawo kwa anthu oipa aja ngati mphatso. Pa tsiku lacitatu, Jack akupha mkulu wake wa pa nchito, Ryan Chappelle, cifukwa cigawenga calamula conco ndipo Pulezidenti wavomera. Pa tsiku lacisanu ndi cimodzi akuzunza m'bale wake weniweni. Bungwe lina la makolo la ku America, Parents Television Council, linawerenga malo 67 oonetsa kuzunza anthu m'masiku asanu oyambirira okha.

Nanga oonera amati ciyani?

M'nyumba ya vidiyo timamva anyamata akukuwa: «Mumenye! Anene!» Munthu womangidwa pa mpando akaulula, nyumba yonse imaomba m'manja. Tikatuluka, wina amati: «Uja ndiye mwamuna. Sacedwa ndi mapepala.» Wina amati: «Anthu ngati amene aja akanakhalapo, mbava zikanatha.» Palinso ena, kawirikawiri acikulire, amene amangokhala cete, kapena kuyang'ana pansi. Za iwowa tikambanso.

Tisaganize kuti oomba m'manja ndi anyamata a pamsika okha. Ku America komweko anaomba m'manja anthu ophunzira kwambiri. Mu 2007, pa msonkhano wa oweruza milandu ku Ottawa, m'dziko la Canada, Antonin Scalia anaikira kumbuyo Jack Bauer. Scalia anali woweruza wa khoti lalikulu koposa la America. Iye anati Jack anapulumutsa Los Angeles, ndipo anafunsa ngati pali khoti limene lingamupeze wolakwa. Taonani: woweruza weniweni akuteteza munthu wopeka, cifukwa ca mzinda umene unapulumuka mu filimu.

Asilikali nawonso ankaonera. Diane Beaver anali loya wa asilikali ku ndende ya Guantánamo. Iye anauza wolemba mabuku Philippe Sands kuti Jack Bauer ankawapatsa nzeru anthu a kumeneko. Tony Lagouranis, msilikali amene ankafunsa akaidi ku Iraq, anati anzake ena ankaonera mafilimu otere ndi kukayesa zomwezo pa akaidi.

Nkhani inakula. Mu Novembala 2006, mkulu wa maphunziro pa sukulu ya asilikali ya West Point, Patrick Finnegan, anapita ku California kukakumana ndi opanga filimuyi. Anawadandaulira. Anati iye amaphunzitsa kuti kuzunza mkaidi n'kuphwanya lamulo, koma ophunzira ake amamuyankha ndi dzina la Jack Bauer. Anawapempha kuti aonetseko tsiku lina kuzunza kukubala zoipa. Mtolankhani Jane Mayer analemba za ulendo umenewu mu magazini ya The New Yorker mu 2007.

Panalinso oonera ena amene filimuyi inawapweteka. Pa tsiku lacinayi, zigawenga ndi banja la Asilamu: bambo, mayi ndi mwana, okhala mwakacetecete pakati pa anansi awo. Asilamu a ku America anadandaula kuti anthu ayamba kuwakayikira onse. Mu 2005 Sutherland anaonekera pa kanema ndi kuuza oonera kuti Asilamu a ku America amadana ndi ucigawenga monga wina aliyense.

Ife funso lathu ndi ili: filimuyi imatikopa bwanji kuti tisangalale ndi cinthu cimene tikanaciona pa khomo pathu tikanalira?

Yankho lili pa wochi ija. Wochi imatiuza kuti nthawi yatha. Kwatsala mphindi khumi, bomba liphulika. Munthu wothamangitsidwa saganiza bwino. Sitifunsanso kuti: kodi wagwidwayu ndi yemweyo? Umboni uli kuti? Ndani anamuneneza? Wochi imalira, ndipo mafunso onsewa amaoneka ngati ulesi. Mu filimuyi aliyense wochula lamulo amaoneka wamantha kapena wopusa. Loya akalowa, timadziwa kuti wabwera kudzacedwetsa nchito.

Koma cinyengo cacikulu si wochi yokha. Ife oonera timadziwa zimene wapolisi weniweni sangadziwe. Timabokosi tija tationetsa kale cigawenga cikumanga bomba. Tamuona ndi maso athu. Conco Jack akamuthyola cala, mtima wathu uli m'malo, pakuti tikudziwa kuti munthuyo ndi wolakwa. Anatiuza ndani? Anatiuza ndi wolemba nkhani. Wolemba yemweyo ndiye anabisa bomba. Ndiyenso anaika cinsinsi m'kamwa mwa mkaidi, ndi kulamula kuti cituluke ola lisanathe. Jack sapambana cifukwa kuzunza kumathandiza. Amapambana cifukwa wolemba wafuna.

M'moyo weniweni mulibe timabokosi. Muli munthu womangidwa, ndi munthu wina amene akungomuganizira.

N'zoona kuti filimuyi nthawi zina imaonetsa munthu wosalakwa akuzunzidwa. Apa m'pofunika kuyang'anitsitsa. Pa tsiku lacinayi lomwelo, Jack akukayikira munthu wina dzina lake Paul Raines. Amumanga, adula waya wa nyale ya magetsi, ndi kumugwiritsa magetsiwo pathupi. Pambuyo pake zidziwika kuti Paul si cigawenga. Ndiye cikucitika n'ciyani? Paul sakwiya nthawi yaitali. Ayamba kuthandiza Jack. Patapita maola ocepa aima kutsogolo kwa mfuti, cipolopolo copita kwa Jack cilasa iye. Ali pa tebulo la opaleshoni, Jack aloza dokotala ndi mfuti kuti amusiye ndi kukapulumutsa munthu wina amene ali ndi cinsinsi. Paul amwalira. Tsiku lomwelo mayi wina wa mu ofesi ya CTU, Sarah Gavin, azunzidwa ndi anzake a pa nchito pomuganizira kuti ndi kazitape. Apezeka wosalakwa, ndipo abwerera pa tebulo lake kukapitiriza nchito.

Kodi munthu wozunzidwa amatero? Amadzuka, kukonza malaya ndi kuyambanso kulemba? Filimuyi imationetsa ululu wa mphindi zitatu. Zaka zotsatira sitizionamo: dzanja losagwiranso khasu, tulo tosabwera, ana oopa kugogoda kwa pa citseko. Ndipo cisoni cathu amacitembenuzira kwa wozunza. Sutherland amasewera bwino kwambiri munthu wotopa ndi wosweka mtima. Mkazi wake anaphedwa pa tsiku loyamba. Kumapeto kwa tsiku lacitatu timamuona ali yekha m'galimoto, akulira. Timamumvera cisoni, ndipo n'zomveka. Koma taonani kuti misozi imene kamera imakhalitsapo ndi ya womenya.

Tsopano tisiye filimu, tione zimene zinacitikadi m'zaka zomwezo. Munthu wina wa ku Libya, Ibn al-Shaykh al-Libi, anagwidwa ndi kutumizidwa ku Egypt. Kumeneko anazunzidwa. Iye ananena kuti boma la Iraq linkaphunzitsa gulu la al-Qaeda za zida za poizoni. Mu Febuluwale 2003, nduna ya America Colin Powell inagwiritsa nchito mawu amenewa ku bungwe la United Nations pofotokoza zifukwa zomenyera nkhondo ndi Iraq. Mu 2004 al-Libi anati zonsezo anangopeka kuti aleke kumuzunza. Apa n'kuti nkhondo itayamba kale.

Mu Disembala 2014, komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate inatulutsa zimene inapeza pa akaidi a bungwe la akazitape la CIA. Pa akaidi 119, osacepera 26 anasungidwa popanda cifukwa cokwanira. Komitiyo inati nkhanza sizinali njira yothandiza kupeza zoona, ndipo akaidi ena ankangopeka nkhani. A CIA anatsutsa zina mwa mfundozi. Koma palibe amene anaonetsa bomba la wochi ngati la mu filimu.

Tibwerere kwa acikulire aja amene amakhala cete m'nyumba ya vidiyo. Iwo safuna komiti ya ku Washington kuti iwauze zimenezi. Amakumbukira palmatoriya, thabwa la mabowo lija limene asipayo ankamenyera anthu m'manja. Amakumbukira apolisi a cinsinsi a atsamunda, a PIDE. Apolisi amenewo nawonso ankati akulimbana ndi zigawenga, pakuti omenyera ufulu ankawachula dzina lomwelo. Nawonso ankati nthawi palibe. Mu Disembala 1972 mbusa Zedequias Manganhela anafera m'ndende ya Machava ali m'manja mwawo. Mwezi womwewo asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazana ku Wiriyamu, m'cigawo ca Tete, powaganizira kuti akuthandiza «zigawenga». Amene anamenyedwapo amadziwa kuti pofika nkhonya ya makumi awiri munthu amachula dzina lililonse, ngakhale la mnansi amene sanalakwe kanthu. Ndipo tisabise: ufulu utabwera, cikoti sicinathe tsiku lomwelo. Lamulo lokwapula anthu linakhazikitsidwa mu 1983, ndipo linacotsedwa mu 1989.

Sitikunena kuti zigawenga kulibe. Ku Cabo Delgado ciwawa cinayamba mu Okutobala 2017, ku Mocímboa da Praia. Anthu anadulidwa mitu, midzi inatenthedwa, ndipo anthu mazana a zikwi anathawa kwawo. Mayi amene anataya mwana kumeneko akaombera m'manja Jack Bauer, ife sitingamuseke. Mantha ake ndi enieni. Koma malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 40, amaletsa kuzunza munthu. Pangano la United Nations la mu 1984 limanena kuti palibe cifukwa ciliconse cololeza kuzunza, kaya ndi nkhondo kaya ndi ngozi ya dziko. Amene analemba zimenezi ankazidziwa zigawenga. Ankadziwanso kuti wozunza aliyense amanena kuti lero lokha ndi tsiku lapadera.

Opanga 24 anamva madandaulo onse aja, ndipo anayesa kuyankha mu filimu momwemo. Tsiku lacisanu ndi ciwiri, limene linaonetsedwa mu 2009, limayamba Jack atakhala pamaso pa aphungu a Senate ku Washington. Phungu wina, Blaine Mayer, akumufunsa za anthu amene anawazunza. Jack akuvomera kuti anacita, ndipo akuti sakudandaula. Tikuyembekeza kuti tsopano timva mlandu wonse, mbali zonse ziwiri. Koma mafunso asanapite patali, wapolisi wamkazi wa FBI alowa m'cipindamo. Pagwa ngozi ina, Jack akufunika msanga. Mlandu auimitsa kuti udzapitirire mawa, ndipo wochi iyambanso kulira. Tsikulo lisanathe, phungu wofunsa mafunso uja waphedwa.