Nthano za Julius Chongo ndi Misozi Yobwereka

Munthu wapaulendo akamadutsa pa mudzi pamene pagwa maliro, namva amai alikubuma m'nyumba, iye amatsika pa njinga yace ndi kubvula cipewa. Womwalirayo samdziwa, ngakhale dzina lace sanalimvepo, koma pofika kumapeto kwa mudzi apeza kuti mtima wace walemera. Cimodzi-modzi munthu wofika pa bwalo pamene anthu alikufa nalo phwete: mano ayamba kuoneka asanafunse n'komwe cimene cikuseketsa anzace. Cisoni, cimwemwe, mantha ndi mkwiyo zimacoka pa nkhope ndi pa liu la munthu mmodzi ndi kulowa mumtima mwa wina, mwini wace osaziitana.

Wokamba nthano, woimba ndi wolemba buku onse amadalira cinthu cimeneci. Cifukwa cace nkoyenera kuti mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, ndipo afuna kulemba kapena kuweruza zolemba za ena, adzifunse funso ili: kodi nthano ikaliza anthu kapena kuwaseketsa, pamenepo yatsimikizika kuti ndi yabwino? Nchito ya Julius Chongo, amene anali kukamba nthano za Cinyanja pa wailesi ya Zambia, ithandiza kuyankha funsoli.

Anthu ophunzira anayesa kufufuza kumene kupatsirana kotere kumacokera. M'caka ca 1971, Marvin Simner anapeza kuti makanda a masiku ocepa cabe amalira kwambiri akamva kulira kwa khanda linzao koposa pamene amva phokoso lina lofanana nako kukula kwace. M'caka ca 1985, James Sorce ndi anzace anaika ana a caka cimodzi pa thebulo lagalasi looneka ngati lili ndi phompho pakati, amao ataima tsidya lina. Pamene mai anaonetsa nkhope yokondwa, ana ambiri anakwawa naoloka. Pamene anaonetsa nkhope ya mantha, panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anaoloka. Ku Sweden, Ulf Dimberg anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokondwa ndi zokwiya mofulumira kwambiri kotero kuti iwo sanazindikire kuti aona kanthu, koma minofu ya pa nkhope zao inayamba kutsanzira zimene anaonazo. Zonsezi zisonyeza kuti munthu amayamba kuwerenga nkhope ndi liu la mnzace asanadziwe kulankhula, ndiponso kuti thupi limabvomera nzeru zisanaweruze mlandu.

Agogo okamba nthano pa moto madzulo sanawerenge mabuku amenewa, koma anali kucidziwa cinthuci bwino lomwe. Fisi akamafika pa khomo, agogo amatuzula maso, natsitsa liu, ndipo kamwana kokhala pafupi kamadzipanikiza kwa mkulu wace. Mantha a kamwanako amagwira ena onse. Pobvomera kuti "tilitonse," ndi pothira mang'ombe nyimbo ya m'nthano, omvera amamvana okha-okha, ndipo cimene wamva mmodzi cimakula pakupita kwa wina. Motero theka la mphamvu ya nthano ya pamudzi lili pa nkhope ya wokamba ndi pa gulu la omvera.

Wailesi inacotsa zonse ziwirizi. Kuulutsa mau kunayamba m'Lusaka m'caka ca 1941, ndipo mu 1949 kunabwera wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special, imene inalowa m'nyumba za anthu wamba m'makomboni ndi m'midzi. Koma wokamba nthano pa wailesi amakhala m'cipinda cotseka, nalankhula kwa kacitsulo. Saona amene amumvera, iwonso samuona. Palibe wobvomera, palibe woseka. Munthu wopanda luso akaikidwa m'menemo, nthano yace imamveka ngati kalata ya Boma.

Apa ndi pamene ukulu wa Chongo uonekera. Iye anali kukamba nthano zace m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pa nthawi yochedwa Poceza m'Madzulo, zina zocokera ku nthano za makolo ndi zina za moyo wa masiku ace. Anali yekha, koma womvera anali kumva khamu, pakuti anthu onse a m'nthano anali kuturuka m'kamwa mwa munthu mmodzi, yense ndi liu lace ndi kalankhulidwe kace. M'malo monena kuti uje anakwiya, iye anali kumlola uje kuti alankhule yekha mkwiyo wacewo, ndipo wina namuyankha. Njira imeneyi inabwezera pa wailesi cinthu cimene cinatayika, cifukwa munthu wa m'nthano akadabwa, kapena akaopa pakumva mau a mnzace, iye amakhala ngati kamwana kaja ka pa moto, ndipo womvera ali kutali amatengera mantha kwa iye.

Cida cina cimene Chongo anagwiritsa nchito kwambiri ndico mau a mvekero, amene Cinyanja cili nao ocuruka. Munthu akati nyumba inali zii, kapena kuti mkulu uja anangoti kakasi, kapena kuti mwana anali njenjenje, womvera amaona cinthuco ndi maso a mumtima, ndipo thupi lace limacita monga lacionadi. Mau otere agwira nchito ya nkhope pamene nkhope palibe. Mneni wamba afotokozera nzeru kuti munthu anaopa. Mvekero uonetsa maondo alikugundana.

Luso limeneli linakopa Ernst Wendland, amene analemba za nthano za Chongo pa maphunziro ace apamwamba ku Wisconsin mu 1979, ndipo mu 2004 zina mwa nthanozo zinasindikizidwa m'buku ku University of Zambia. Kuika nthano ya pa wailesi m'buku ndiwo muyeso woopsa, pakuti pepala lilibe liu. Kukweza ndi kutsitsa mau, kufulumira, kupumira pang'ono pakati pa mau awiri, zonsezi zimatsala kunja. Cimene cikhalabe ndico makambirano a anthu, mau a mvekero ndi mayalidwe a nkhani, ndipo zitatuzi ndizo zimene wolemba buku angathe kuphunzira kwa mmisiri wa pa wailesi.

Olemba ambiri oyamba kumene amalakwa pamenepa. Alemba kuti mai wa mwanayo anamva cisoni cacikulu kwambiri cosaneneka, nayesa kuti pocurutsa mau acurutsanso cisoni. Wowerenga amva uthengawo, koma mtima wace ukhala phee, monga umakhalira pakumva za maliro a ku dziko lakutali. Wolemba wocenjera anganene kuti madzulo ace maiyo anapakula nsima m'mbale zinai monga mwa masiku onse, ndipo atawerenga ana ace anabweza mbale imodzi, nakhala pansi osadya. Pano mau akuti cisoni sanachulidwe, koma wowerenga waona manja a maiyo, ndipo thupi lace labvomera monga la wapaulendo uja.

Komabe mphamvu yotere ili ndi mbali yace yoipa, ndipo woweruza nthano sayenera kuibisa. Popeza thupi limabvomera nzeru zisanaweruze, nkotheka kuliza kapena kuseketsa anthu popanda cifukwa ceni-ceni. Ku Amereka, m'zaka za m'ma 1950, okonza masewero a pa wailesi ya kanema anayamba kuthiramo kuseka kojambulidwa kale, kuti woonera aseke pakumva ena alikuseka, ngakhale nthabwala ili yozizira. Masewero ambiri a masiku ano acita zofanana ndi misozi: mkazi agubuduzika pansi, zoimbira zacisoni zilira kumbuyo, ndipo woonera apukuta m'maso, koma akafunsidwa m'mawa kuti mkaziyo anali yani ndipo cinamuonekera n'ciani, sakumbuka. Misozi imeneyo inali yobwereka, ndipo cobwereka cimabwerera kwa mwini wace. Otsanzira Chongo amene atola kusintha-sintha kwa mau kokha, osasamala kuti nkhani ikhale ndi mutu, agwa m'mbuna yomweyo. Ngakhale liu la mmisiri weni-weni lingathe kuseketsa anthu pa tsoka la wopunduka kapena la mlendo wosadziwa cinenero, ndipo womvera ayenera kudzifunsa kuti aseka yani.

Kunja kwa nthano bvutoli likula koposa. M'zaka za 1952 ndi 1953, pamene nkhani ya Citaganya inali kubvutitsa mitima, mbiri inafala m'Lusaka yakuti ena mwa ogwira nchito pa wailesi anali kugwirizana ndi abanyama, anthu ogwira anzao ndi kuwacotsa mwazi. Peter Fraenkel, amene anali kugwira nchito pa wailesiyo, anasimba zimenezi m'buku lace la Wayaleshi la mu 1959. Umboni panalibe, yense anaona mantha pa nkhope ya mnzace, nawayesa umboni. Mu January 1962, pa sukulu ya atsikana ya Kashasha pafupi ndi Bukoba ku Tanganyika, atsikana atatu anayamba kuseka kosaleka, ndipo kusekako, kosanganiza ndi kulira, kunagwira atsikana 95 mwa 159, mpaka sukulu inatsekedwa m'mwezi wa March. Ku Rwanda mu 1994, aulutsi a wailesi ya RTLM anasonkhezera kupha anthu ndi mau aukali osanganiza ndi nthabwala ndi nyimbo, ndipo mu 2003 bwalo la milandu la ku Arusha linapeza ena mwa akulu a wailesiyo olakwa. Akale anati citsiru cinaomba ng'oma, ocenjera nabvina. Ocenjerawo sanasowe nzeru iai, koma miyendo inamva ng'oma iwo asanayang'ane woiomba.

Sikuti munthu aumitse mtima kuti asatengere za anzace. Maliro n'kulirana, ndipo mudzi umene anthu ace samva kulira kwa mnzao suli mudzi konse. Cofunika ndico kulola mtima umve, ndipo pambuyo pace kuufunsa cimene wamva. Nthano ikatha, womvera adzifunse ngati cisoni cace cinacokera ku zimene zinaonekera munthu wa m'nthanoyo kapena ku kunjenjemera kwa liu kokha. Ngati amdziwa munthuyo kotero kuti angathe kunena cimene akanacita tsiku lina. Ndiponso ngati nkhaniyo ingamgwirebe mtima itakambidwa ndi munthu wa liu wamba.

Chongo ayenera kuyesedwa ndi muyeso womwewu. Mau ambiri oturuka m'kamwa mmodzi anali codabwitsa, ndipo anthu amene anamumva amacikumbuka. Koma ulemu wace waukulu uli pakuti mauwo anawapatsa anthu okhala ndi makhalidwe odziwika, onga amene womvera anakumana nao pa msika, pa bwalo la mfumu kapena m'nyumba mwace momwe. Wofuna kulemba Cinyanja cogwira mtima ayambe ndi kuyang'anitsitsa anthu otere: cimene manja ao acita pamene pakamwa pali cete, ndi mau amene amaturuka poyamba uthenga woipa ukafika pa khomo. Akatero sadzasowa kupempha wowerenga kuti alire, ndipo misozi ikabwera idzakhala ya wowerengayo mwini.