Makhadi a Khrisimasi a m'Makalasi Athu: Lalemba Ndi Dzanja la Yani?

Pa tebulo langa pali mitolo itatu ya makhadi a Khrisimasi, yocokera ku makalasi atatu a akulu ophunzira kulemba ndi kuwerenga m'mphepete mwa nyanja muno, pakati pa Metangula ndi Cóbuè. Aphunzitsi ake anandipempha kuti ndinenepo maganizo anga, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndinenere pano, popeza nkhaniyi ikhudza tonse amene timaima pa bolodi. Maina a makalasi sindichula ai, eni ake adzadzizindikira okha.

Ndiyambe ndi mtolo umene mlendo aliyense pakhomo panga amathamangira kuugwira. Makhadi ake ndi 40, pepala lolimba logula ku Lichinga, mizere yoongoka bwino. Pacikuto pali mtengo wa paini wokutidwa ndi cipale cofewa, pambali pake Pai Natal ndi thumba lake, m'munsi mau akuti Feliz Natal. Kukongola ndi okongola, sindikana. Koma nditawayala onse pamphasa ndinaona kuti F aliyense afanana ndi mnzake kuyambira khadi loyamba mpaka lomaliza. Dzanja ndi limodzi, la mphunzitsi. Ophunzira anangopatsidwa makrayoni kuti adzaze pofiira ndi pobiriwira. Tsono taganizani, mai wa zaka 50 wasiya khasu m'nyengo yobzala, wayenda mtunda kudzaphunzira kulemba, nabwerera kwao atangopaka utoto cipewa ca nkhalamba imene saidziwa n'komwe. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Nanga cipaleco cacokera kuti? Luka pofotokoza za kubadwa kwa Ambuye sachula cipale. Achula kalembera wa boma, ulendo wa mai wapakati, nyumba yodzaza, ndi abusa ogona kunja cifukwa ca nchito yao. Zonsezi ife tizidziwa bwino, makamaka amene tinathawirapo nkhondo ku Likoma kapena ku Tanzania mtendere wa 1992 usanabwere. Disembala wathu ndi wa mvula, mango, inswa ndi nkhungu zofuka panyanja ngati utsi. Ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni m'caka ca 1976, ndipo amisiri a kumeneko asema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope ndi zobvala za anthu a kuno kwathu, uthenga wake osacepa konse.

Mtolo waciwiri wayesa njira yomweyo, ndipo ndauyamikira. Kalasi imeneyi inasema cidindo pa cinangwa caciwisi, n'kumaciviika mu utoto ndi kudinda papepala. Cithunzi cake ndi bwato usiku, nyali ya usipa ikuwala, nyenyezi imodzi pamwamba. Amene anaganiza zimenezi waimva nkhani ya abusa, pakuti ogona kunja usiku kuno kwathu ndi asodzi. Bvuto lili pa mau. Anasema KHRISIMASI pa cidindo monga momwe timalembera papepala, osadziwa kuti cidindo cimatembenuza zinthu ngati kalilole. Zotsatira zake, mau onse ayambira kumanja kunka kumanzere, ndipo K, R ndi S apenya kumbuyo. Colakwa ca pa khadi limodzi cikanathera pomwepo, koma ca pa cidindo cabadwa kokwana 30, ndipo cafika m'manja mwa anthu omwewo amene takhala miyezi tikuwauza kuti S sayang'ana uko. Akanadinda kamodzi papepala lotha nchito n'kupatsa wina kuti awerenge mokweza, bwenzi ataciona.

Mtolo wacitatu ndiwo wosaoneka bwino pa yonse. Mapepala ndi a m'kope, timapisi ta kapulana tomata ndi phala la ufa wa cinangwa, ndipo poti anawaunjika asanaume m'nyengo ino ya cinyezi, ena acita nkhungu, ena mphemvu zalawako kale m'mbali. Koma nditawatsegula ndinakhala nawo madzulo onse. Palibe awiri ofanana. Wina walembera mwana wake wa ku Nampula kuti denga lafoleredwa. Wina wauza mlongo wake wa ku Nkhotakota kuti mbuzi yabereka awiri. Agogo ena alemba dzina lao lokha, malemba akuluakulu okwera phiri, ndipo pensulo yaboola pepala pa cilembo comaliza. Mau ena ndi olakwika kalembedwe, inde. Komatu amene adzalandire khadi limeneli adzadziwa kuti amai ake tsopano akulemba, ndipo ndi uthenga umene foni singautumize, ngakhale masiku ano zithunzi za Khrisimasi zimangoyenda pa WhatsApp.

Wina anena kuti, Abusa, ndiye kuti kupanga makhadi ambiri nthawi imodzi n'kolakwa? Iai. Khadi loyamba la Khrisimasi logulitsa linapangidwa comweco. M'caka ca 1843 ku London, Henry Cole anapempha wojambula John Callcott Horsley kuti amkonzere cithunzi, ndipo anasindikiza makhadi 1,000, utoto wake wopaka ndi manja, mtengo wake shilingi imodzi. Koma ngakhale pa khadi limenelo anasiya mipata iwiri yopanda kanthu, wina wa dzina la wolandira, wina wa dzina la wotumiza. Makina anacita mbali yao, nasiyira munthu mbali yake. Mtolo wathu woyamba uja walanda ngakhale mpata umenewo.

Ndidziwanso cifukwa cimene mphunzitsi uja analembera yekha. Coko cimafuna ndalama, makope amafuna ndalama, ndipo mlendo wodzaona nyanja sagula khadi lopindika. Sindimuweruza. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri: khadi la malonda ndi khadi la phunziro. Ngati kalasi ifuna ndalama, ipange la malonda tsiku lina, poyera, ndipo ngakhale pamenepo mlendo adzakonda bwato ndi nyali kuposa cipale cimene wacisiya kwao. Ola la phunziro lisagulitsidwe.

Za cilankhulo ndinenepo pang'ono. Cipwitikizi ticifuna, ku cipatala ndi ku boma komwe, ndipo Feliz Natal palibe colakwa. Koma nyanja ino inayamba kalekale kuwerenga m'cilankhulo cake. Amishoni a UMCA atakhazikika pa Likoma mu 1885 anaikapo makina osindikizira mabuku, sitima ya Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901 inali sukulu yoyandama ya aphunzitsi, ndipo Baibulo la William Percival Johnson m'Cinyanja ca kunyanja kuno linatuluka mu 1912. Agogo athu a ku Messumba analembera ana ao makalata m'Cinyanja. Munthu amayamba kulemba mau amene amalankhula, enawo adzabwera.

Tsono caka ca mawa yesani motere, abale ndi alongo. Kudula mapepala, kupinda, kudinda cithunzi ndi kumata, citirani pamodzi, aliyense nchito yake, ndipo yambani mu Okutobala mvula isanagwe kuti ziume. Pa cidindo semani cithunzi cokha. M'kati mwa khadi musalembemo kanthu inu aphunzitsi. Wophunzira ayambe wanena pakamwa cimene afuna kuuza mbale wake, ayese pa sileti kapena pamcenga, mumuthandize pomwe wakakamira, kenako alembe yekha pa khadi. Zidzatenga milungu itatu m'malo mwa tsiku limodzi, ndipo mizere idzakhota.

Mitolo iwiri ija ndabweza kwa eni ake. Pa wacitatu ndapempha kuti khadi la agogo lija likadutsenso pano lisanapite, ndilionetse ophunzira anga Lamulungu likudzali. Ambuye adalitse nchito ya manja anu.