Nkhope Yosaseka: Luso la Buster Keaton ndi Chimene Chinalifooketsa

Olemba mbiri ya mafilimu ambiri amati akatswiri a nthabwala a m'nthawi ya mafilimu opanda mawu anatha mphamvu pamene mawu analowa m'kanema, kuyambira mu 1927. Maganizowa ndi osavuta kuwavomereza, koma tikawayesa ndi moyo wa Buster Keaton amaperewera. Nkhani ino ikuonetsa kuti luso la Keaton linafota chifukwa analandidwa ufulu wopanga filimu m'njira yakeyake.

Keaton anabadwa mu 1895 ku Piqua, m'chigawo cha Kansas ku America. Makolo ake, Joe ndi Myra, ankayendayenda m'matauni kuchita zisudzo, ndipo iye anayamba kukwera nawo pansanja ali wamng'ono. M'sewero lawo bambo ankanyamula mwanayo n'kumuponya uku ndi uku ngati mtolo wa nsanza. Pansanjapo mwanayo anaphunzira kugwa osavulala, ndiponso anazindikira kuti anthu amaseka kwambiri iye akapanda kuseka. Nkhope youma ija, imene inadzamutchukitsa, inachokera pamenepa.

Mu 1917 anayamba kuonekera m'mafilimu a Roscoe Arbuckle, ndipo mu 1920 Joseph Schenck anamupatsa situdiyo yoti aziyendetsa yekha. Pofika mu 1928 anali atapanga mafilimu aafupi 19 ndi aatali 10, ndipo mbiri yake yonse yatsamira pa zaka zimenezi.

Luso lake limaoneka bwino tikamuyerekeza ndi Charlie Chaplin. Chaplin amakoka mtima wa woonera ndi maso komanso kamwetulira kopempha chifundo. Keaton sapempha kanthu. Amaika kamera patali kuti tione thupi lonse likulimbana ndi chinthu cholemera kuposa iye: nyumba yomangidwa mokhotakhota mu One Week (1920), chombo chopanda ochiyendetsa mu The Navigator (1924), sitima yapamtunda mu The General (1926). Popeza nkhope siitiuza kanthu, timawerenga maganizo ake m'mapewa, m'kathamangidwe ndi m'kaimidwe.

Nthabwala yotere imafuna kuti ngoziyo ikhale yeniyeni. Mu Steamboat Bill, Jr. (1928) khoma la nyumba limamugwera, iye n'kupulumukira pazenera lotsekula, ndipo zonsezi zinajambulidwa kamera isanaphethire. Pojambula Sherlock Jr. (1924) madzi a m'thanki anamugwetsera panjanji n'kumuthyola fupa la m'khosi, zimene anazidziwa patadutsa zaka. Kagwiridwe kake ka ntchito kanalinso kakekake. Ankayamba kujambula akudziwa chiyambi ndi mathero a nkhani, koma zapakati ankazipeza pamalo pomwepo pamodzi ndi kagulu ka anzake.

Njira imeneyi inali yodya ndalama. The General, m'mene sitima yeniyeni inagwera mumtsinje mlatho ukuyaka, inadula kwambiri ndipo siinabweze phindu loyembekezeka. Mu 1928 Schenck anamusamutsira ku kampani ya MGM, ngakhale Chaplin ndi Harold Lloyd anamuchenjeza kuti asapite. Kumeneko nkhani inkayenera kulembedwa yonse ndi kuvomerezedwa ndi akuluakulu kamera isanayatsidwe, ndipo zoopsa zija anayamba kumuletsa. Mawu ake analibe chilema, ndipo mafilimu olankhula amene anapanga ku MGM anabweretsa ndalama. Chinasowamo ndi Keaton woganiza ndi thupi. Anamusandutsa chitsiru chongopunthwa, kenako n'kumuphatikiza ndi Jimmy Durante, munthu wa nthabwala zapakamwa. Chaplin, amene anali mwini wa mafilimu ake, anatulutsa City Lights mu 1931 yopanda makambirano, ndipo inachita bwino. Mawu anawapeza onse awiri nthawi imodzi, koma wina anali ndi situdiyo yake pamene wina anali wolembedwa ntchito.

Komabe tisamuyeretse Keaton. Sanalabadire nkhani ya umwini wa ntchito zake mpaka madzi atafika m'khosi, ndipo mowa unathandiza kuti MGM imuchotse ntchito mu 1933. The General nayo ili ndi chilema chimene woonera wa ku Africa sangachilambalale. Ngwazi yake ikumenyera mbali ya Kummwera m'nkhondo yapachiweniweni ya ku America, koma filimuyo ili duu pa ukapolo umene mbaliyo inkauteteza. Kukongola kwa zithunzi zake sikufafaniza kukhala chete kumeneku.

Kwa zaka zambiri Keaton ankapekera anzake nthabwala, kuphatikizapo Red Skelton. Nkhani imene James Agee analemba m'magazini ya Life mu 1949 inathandiza kudzutsa dzina lake. Mu 1952 anasewera ndi Chaplin mu Limelight, ndipo mu 1965 khamu la ku chikondwerero cha mafilimu ku Venice linamuombera m'manja chiimirire. Anamwalira mu 1966. Ulemu wonsewu unkaloza ku ntchito ya zaka zisanu ndi zitatu zija, pamene kamera inali m'manja mwake.