Musailize Mpaka Tifike

Mmisiri wodziwa njinga zamoto akaitanidwa kuti akaonere munthu njinga yogwirako kale ntchito, kiyi sathamangira. Amapereka moni kwa mwini wake, kenako n'kuwerama, kuika kuseri kwa dzanja pa timizere tachitsulo tozungulira silinda, timene timaziziritsa injini ndi mphepo. Akufuna kudziwa ngati injiniyo yalizidwa kale m'mawa umenewo. Injini yotentha imadzuka ndi kiki imodzi ngakhale m'kati mwake mutatha, pamene yozizira siibisa matenda ake. N'chifukwa chake amisiri a ku Biwi, mu Lilongwe, amakonda kupangana m'mamawa, ndipo amachenjezeratu wogulitsa pa foni: "Achimwene, musailize mpaka tifike."

Wogula amene ndikumuganizira pano si wakabaza. Ndi munthu wonga mphunzitsi wa ku Kawale amene amagwira ntchito m'tauni, ulendo wake wa tsiku ndi tsiku ndi makilomita ochepa, kupita m'mawa ndi kubwerera madzulo. Safuna liwiro. Akufuna njinga yodzuka msanga m'mawa wa June, yosamwa petulo wambiri, imene zipangizo zake zimapezeka m'mashopu a pafupi. Mmisiri amayamba wamva zimenezi, ndipo kuyendera kwake konse kumatsata zofuna za ulendo umenewo.

Poyamba amangoizungulira njingayo, manja ali kumbuyo. Wotchi ya makilomita amaiyang'ana mwachidule, pakuti chingwe chake chimaduka ndipo ambiri sachibwezeretsa. Chimene amawerenga ndi labala. Labala wa popondera mapazi akasalala mpaka chitsulo kuonekera, zogwirira za pa handulo zikapeputuka, ndiye kuti njingayo yayenda, kaya wotchi inene zotani. Amasuzumiranso pansi pa kaliyala. Njinga imene inakhalapo pa kabaza imadziwika pamenepo: kaliyala wowonjezedwa kuti atalike, zitsulo zowotcherera pamene felemu inang'aluka ndi matumba a chimanga kapena makala, mashoki akumbuyo okhala pansi ngakhale palibe wokwera. Kenako amapita pa khosi la felemu, pamene foloko imalumikizana ndi thupi la njinga, n'kuyendetsa chala pa penti. Penti watsopano pamalo amodzi okha, kapena kachitsulo koletsa handulo kukhota mopitirira katapindika, ndi umboni wakuti njingayo inagundapo mwamphamvu kutsogolo. Apa amaima nthawi yaitali. Tcheni ndi matayala zimagulidwa, koma felemu yopindika siibwerera mwakale ngakhale aiwongole bwanji.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mmene amaonera mitu ya mabawuti. Bawuti imene sipanala sinaikhudze chichokere kufakitale imakhala ndi ngodya zakuthwa. Imene yamasulidwa kambirimbiri, makamaka ndi sipanala yosayenera, imakhala yobulungira ndi yotupsuka. Poyang'ana mabawuti a pamutu pa injini ndi a m'mbali mwake, mmisiri amadziwa mbali imene inatsegulidwapo. Akaona silikoni atafinyikira kunja m'mphepete mwa chivindikiro, amadziwa kuti wotsegulayo sanagule gasiketi watsopano. Injini yotsegulidwapo si yoipa ayi, koma funso limabwera: "Bambo, munasinthamo chiyani muno, ndipo anakonza ndani?" Yankho amalimvetsera akuyang'ana nkhope ya woyankhayo.

Tsopano manja amayamba kuda. Amamasula kandodo koyezera oyilo, kudontheza pang'ono pa chala, n'kutikita ndi chala chachikulu. Oyilo wakuda sakumuopsa, ameneyo angofunika kusintha. Akufufuza timchenga ta pakati pa zala, ndipo amatembenuzira chalacho kudzuwa kuti aone ngati mukunyezimira tizitsulo, chizindikiro chakuti china chake chikudyeka m'kati. Amanunkhizanso. Oyilo wonunkha petulo amasonyeza kuti kabuleta ikusefukira ndipo petulo akutsikira pansi, kumene amasungunula oyilo n'kumuchotsa mphamvu. Akatero amatsegula thanki, kuunikamo ndi tochi ya foni, kufuna dzimbiri. Dzimbiri la m'thanki limayenda ndi petulo mpaka kukatseka timabowo ta m'kabuleta, ndipo njinga yotere imazima pa mphambano popanda chifukwa chooneka.

Pulagi amaimasula ngati mwini wake walola. Kansonga kake kamasunga mbiri ya moto umene wakhala ukuyaka m'silinda. Kakakhala kouma, ka mtundu wa khofi wotuwirako, moto ukuyaka bwino. Kakakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya, mwina fyuluta ya mpweya yadzaza fumbi, ndipo limenelo ndi vuto lotsika mtengo. Koma kakakhala konyowa ndi oyilo, nkhani yakula: maring'i a pisitoni atha, oyilo akukwera kukapsa pamodzi ndi petulo. Akabwezera pulagi amaponda kiki pang'onopang'ono, kiyi asanatsegule, kuti phazi limve pamene pisitoni ikupanikiza mpweya. Payenera kukhala malo amene kiki ikulimba, kukana kutsika. Amisiri amati kompuresheni. Kiki yongotsetsereka mpaka pansi imatanthauza kuti mpweya ukuthawira penapake.

Apa m'pamene amailiza. Iye samakhala pampando. Amauza wina kuti aponde kiki, yekha n'kukaima kumbuyo, maso pa ekizosi, chifukwa utsi woyamba ndiwo wofunika. Nthunzi yoyera yopyapyala ya m'mawa wozizira imatha yokha injini ikafunda. Utsi wakuda ndi petulo wochuluka. Utsi wobiriwira motuwa, wonunkha oyilo wopsa, umene ukuwonjezeka akakoka moto, ukutsimikiza zimene pulagi yanena kale.

Kenako amatenga sikuludiraiva yaitali, kuika nsonga yake pa injini ndi chogwirira chake pa khutu. Chitsulo chimanyamula phokoso la malo amene chakhudza, n'kusiya ena onse. Amayamba pamwamba, pamene pali mavavu, tizitseko tiwiri timene kamodzi kamalowetsa petulo ndi mpweya, kena kamatulutsa utsi. Kaphokoso ka "tiki-tiki-tiki" kofanana nthawi zonse sikamudetsa nkhawa. Pamenepo pamasiyidwa dala kampata kosafika gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, kuti chitsulo chikatentha n'kufutukuka vavu izitsekabe, ndipo kampatako kakakula amakabweza ndi sipanala m'kanthawi kochepa. Akatsitsa sikuludiraiva kumunsi kwa injini n'kumva "gu-gu-gu" wolemera amene akutsata liwiro la injini, nkhope yake imasintha. Kumeneko ndi kwa kirankishafuti, mtanda umene umasandutsa kukwera ndi kutsika kwa pisitoni kukhala kuzungulira, ndipo kukonza kwake kumafuna kung'amba injini yonse pakati.

Khutu lake linazolowera injini imeneyi chifukwa njinga zambiri za 125cc ndi 150cc zochokera ku China zimene zadzaza misewu yathu zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, imene inatuluka mu 1975. Honda inaipangira dala mayiko kumene njinga zimasenza katundu wolemera ndipo oyilo sasinthidwa panthawi yake. M'malo moyendetsa mavavu ndi katcheni ka m'kati, inaika tindodo tiwiri tachitsulo tokankha mavavu kuchokera pansi, njira imene imapirira oyilo wakuda kwa nthawi yaitali. Injini yotere imanyamula oyilo wa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo imamusefa ndi kasefa kawaya kamene amatsuka ndi petulo n'kubwezera. Ndi kapangidwe kanzeru kwambiri, ndipo kwa munthu wa ulendo waufupi phindu lake ndi lakuti pafupifupi mmisiri aliyense wa m'mbali mwa msewu amaidziwa. Za ku India, monga Bajaj Boxer ndi TVS, zili ndi kalilidwe kake, ndipo mmisiri wabwino amazisiyanitsa asanatembenuke n'komwe.

Injini ikufunda, iye amagwada kumbuyo. Amagwira tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi, gudumu lamano lija, n'kuikoka. Tcheni yabwino imakakamira m'mano. Yotha imanyamuka mpaka kuwala kuoneka pansi pake. Mano a sipuloketi amawaona chammbali: ayenera kukhala ofanana mbali zonse, osati osongoka ndi opindikira mbali imodzi. Zikatha, tcheni ndi masipuloketi onse awiri zimasinthidwa pamodzi, apo ayi chakale chimadya chatsopano. Ndiye amazungulitsa tayala, sipanala yaing'ono ili m'manja, kugogoda sipoko iliyonse monga mayi amagogodera mphika wadothi pamsika kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Sipoko yolimba imalira "ngwee," yokhwepa imangoti "phwa." Zokhwepa zikakhala zingapo mbali imodzi, limu yayamba kupotoka.

Kutsogolo amaimika njinga pa sitandi yapakati, wina n'kukanikiza kumbuyo kuti tayala lakutsogolo lichoke pansi. Ndi zala ziwiri zokha amakankha handulo kumanzere ndi kumanja. Iyenera kuyenda mofewa njira yonse. Ikamakodwa pakati, mabelingi a m'khosi adyeka. Amagwedeza tayala chammbali kuti amve ngati muli "khotyo-khotyo," kenako amapukuta mapaipi a foloko ndi nsalu, kutsitsa njinga, kugwira buleki ndi kuikanikiza pansi kangapo. Mkombero wa oyilo ukaoneka pa paipi, masiilo atha. Buleki yakumbuyo amaionera pa nati ya kumapeto kwa ndodo yake: ikakhala kuti yamangidwa mpaka kumathero, mashuzi a m'kati atsala pang'ono. Pa matayala amafufuza manambala anayi omaliza a chidindo cha m'mbali. Atalembedwa 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mapanga akuya koma labala wake atauma ndi kung'aluka, ndipo lotere limaterera mvula ikangoyamba.

Akamaiyesa pamsewu sapita kutali. Amalowetsa magiya onse, kukwera ndi kutsika, kumvetsera ngati ina ikudumpha yokha. Kilatchi amaiyesa ali pa giya yomaliza, akuyenda pang'onopang'ono, n'kukoka moto mwadzidzidzi: injini ikakuwa koma liwiro osawonjezeka, mapuleti a kilatchi akuterera. Pamalo owongoka amapeputsa manja pa handulo kuti aone ngati njinga ikukokera mbali imodzi. Pobwerera amaizimitsa, kudikira pang'ono, n'kusuzumira pansi, chifukwa oyilo wotentha amatulukira pamene wozizira sanatulukire.

Batire amaliganizira mwapadera chifukwa cha ulendo waufupiwo. Sitata imatenga magetsi ambiri, ndipo makilomita ochepa sabwezera zonse zimene yatenga. Choncho amayatsa nyali, kukoka moto pang'ono, kuona ngati kuwala kukuwonjezeka, ndipo salola njinga imene kiki yake inathyoka. Pa chifukwa chomwecho amauza wogula kuti oyilo aziwerengera miyezi osati makilomita okha, pakuti injini yosafunda mokwanira imasunga chinyezi m'kati. Wogula akafuna sikuta, mmisiri saikana. Ilibe kilatchi ya pamanja kapena magiya, imayenda ndi lamba wa labala, ndipo ndi yabwino kwa ovala zovala za kuntchito. Koma amatsegula chivindikiro cha lambayo kuona ming'alu, amafunsa ngati lamba wa mtundu umenewo amapezeka m'tauni, ndipo amakumbutsa wogula kuti matayala a sikuta ndi aang'ono, nthawi zambiri mainchesi 10 kapena 12, pamene a njinga wamba ndi 17 kapena 18. Tayala laling'ono limagwera m'dzenje limene lalikulu limadutsa pamwamba.

Chomaliza ndi manambala. Amapukuta khosi la felemu mpaka nambala ya chesisi ioneke, zilembo ndi manambala 17 pa njinga za masiku ano, kenako nambala ya injini imene imadindidwa kumunsi kwake, nthawi zambiri kumanzere. Amawerenga mokweza wogula akutsatira pa buluu buku ya ku Road Traffic, ndipo chala chake chimayenda pa chidindocho kumva ngati panapalidwa n'kudindidwanso. Dzina la m'bukulo liyenera kufanana ndi la pa chiphaso cha wogulitsa. Zikagwirizana, amatengera wogulayo pambali n'kuyamba kuwerenga ndi zala: "Aphunzitsi, injini ili bwino, felemu ili bwino. Tcheni ndi masipuloketi n'zosintha, tayala lakumbuyo n'losintha, masiilo a foloko, oyilo ndi pulagi. Mitengo yake tikafunse kushopu, tiichotse pa ndalama imene akutchulayo, kenako mukambirane."