Kutamanda Distant Drums, Mwana Wamasiye wa Jim Reeves

Mbalule iyambe, mpanje avomere! Anyamata amanja olimba, bwezani mphamvu, lero tiomba chapansipansi, pakuti amene tikumutamandayu sanakuwepo chibadwire.

Ndiwe Distant Drums! Wobadwa-kawiri. Mlowaufumu-bambo-ali-m'manda. Wokanidwa-m'mawa-wovekedwa-chisoti-madzulo. Wodikira-osadandaula. Ndi! ndi! ndi!

Amayi ako ndi a Cindy Walker, mkazi wa ku Texas wogogoda taipi m'nyumba mwake ku Mexia, kutali ndi chipwirikiti cha Nashville. Dzanja lomwelo linalemba You Don't Know Me, linalembanso Dream Baby imene Roy Orbison anavinitsa nayo dziko. Iwe anakupatsa nkhani yaifupi: mnyamata wamva kuti nkhondo yafika pakhomo, ndiye akuuza wokondedwa wake kuti za ukwati zisagonere, popeza wopita kunkhondo salonjeza tsiku lobwerera. Basi, nkhani yonse ndi yomweyo. Wonyamula-zochepa-wolemera-pamtima!

Woyamba kukutulutsa panja anali Orbison yemweyo, mu 1963, koma anakuika kuseri kwa mbale, Falling kutsogolo, iwe kumbuyo. Wokhala-kumpando-wakumbuyo, Wotembenuzidwa-ndi-achidwi-okha! Sunali ukudziwa kuti khosi lako lenileni lili kwina.

Tsopano mpanje alire, tiitane mwini khosi. Inu a Jim Reeves, Njonda ya ku Galloway, obadwa mu 1923! Inu amene munkafuna kudya za baseball mpaka kuvulala kunakuchotsani pabwalo. Inu muulutsi wa pa wailesi ya KWKH ku Shreveport, amene pakamwa panu panazolowera maikolofoni musanakhale woimba wotchuka. Anzanu ankaima patali n'kumakweza mawu. Inu mu 1957, pojambula Four Walls, munasendera pafupi, munatsitsa mawu, mukuimba ngati mukuuza munthu mmodzi za kukhosi ana atagona. Wonong'ona-dziko-n'kumva! He'll Have to Go inakhala milungu 14 pamwamba pa ndandanda wa nyimbo za country mu 1960. Mu 1962 munatsika ku South Africa ndi Chet Atkins ndi Floyd Cramer, munaimba ngakhale m'Chiafrikaans, chaka chotsatira munabwererako kukasewera kanema wa Kimberley Jim. Ndi kuno kwathu komwe, funsani akuluakulu amene anasunga mbale zanu m'masutikesi. Dzina lanu satchula mothamanga.

Iwe mwanawe, njonda imeneyi inakuimba mongoyesa, popanda chikondwerero, popanda gulu lalikulu la zoimbira. Akuluakulu a kampani ya RCA sanakuone ngati katundu wa pamsika. Tepi inazungulira, inaima, inasungidwa. Wogona-m'kabati! Wopumira-mumdima! Ndi! ndi!

Pa 31 Julayi 1964, ng'oma zonse chete. A Reeves akuyendetsa okha kandege kawo, akubwerera ku Nashville ndi Dean Manuel woimba piyano, mkuntho wa mvula unawatsekera njira pafupi ndi Brentwood. Anthu anasakasaka m'nkhalango masiku awiri asanawapeze. Zaka 40 zokha. Anakaikidwa kwawo ku Texas, pafupi ndi Carthage.

Apa ndi pamene unabadwa kachiwiri, Mwana-wa-namfedwa. Mayi Mary Reeves sanalole kuti mawu a mwamuna wawo aikidwe limodzi ndi thupi. Anasunga matepi, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Mawu ako anachotsedwa m'kabati, amoyo analowa mu situdiyo, anavala zomvera m'makutu, n'kuyamba kuperekeza munthu amene kulibe. Okestra inakukuta, mavayolini anakuzinga. Amoyo kutsatira mpweya wa wakufa, iye osatha kuwadikira, osatha kubwereza, osatha kunena kuti apa mwathamanga! Alipo amati uku n'kudyera maliro, ndipo zoona kampani sinachite izi chifukwa cha misozi. Koma mverani nokha mbaleyo: kodi msoko mukuumva pati? Amisiri aja anadziwa kuchepa, anasiya mawu atsogole.

Mu 1966 unatuluka, Wopeza-nthawi-yako-itakudikirira. Anyamata a ku America anali kutumizidwa ku Vietnam mwaunyinji, ndipo nkhani yako ya msilikali ndi bwenzi lake sinalinso nthano ya wolemba. Pa ndandanda wa country wa Billboard unakwera mpaka pamwamba, milungu inayi. Pa Hot 100 unalekera pa 45; tisabise, achinyamata akwanu anangokuyang'ana n'kupitirira.

Koma tsidya la nyanja! Mbalule ikwere tsopano, anyamata aja dzukani, apa pokha mungaombe!

Britain wa 1966, England itangotenga chikho cha mpira cha dziko lonse, London ikuwira ndi magitala, tsitsi lalitali ndi masiketi aafupi. The Beatles anali atangokhala pampando ndi Yellow Submarine ndi Eleanor Rigby. Small Faces anawalanda ndi All or Nothing, anakhalapo mlungu umodzi wokha. Ndipo pa 22 Seputembala unalowa iwe, wopanda wokuimba pa siteji, wopanda nkhope yokaonetsa pa kanema, wopanda woyankha atolankhani. Wolanda-mpando-osakweza-mawu! Mlungu woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, wachisanu! The Who, oswa magitala, anabwera ndi I'm a Boy, anaima pa nambala 2 n'kumayang'ana msana wako. Ankakugula ndani? Ine ndimati ndi aja otsatsa malonda ankawaiwala: amayi, abambo, anthu obwera kuntchito atatopa, amene sankakuwa m'maholo koma ndalama ya mbale anali nayo. Mtsogoleri-wa-osakuwa! Mfumu-ya-pabalaza!

A Reeves ali moyo sanafikepo pa nambala 1 ku Britain. Ngakhale m'chaka cha imfa yawo, I Love You Because inalekera pa 5, I Won't Forget You pa 3. Ndiwe wekha unawafikitsa, Mwana-wokweza-bambo, patapita zaka ziwiri manda atatsekedwa, ndipo mwa abale ako onse palibe wina anabwerezanso.

Pa 27 Okutobala anafika Four Tops kuchokera ku Detroit, Reach Out I'll Be There ili m'manja, Levi Stubbs akutulutsa mawu onse a m'chifuwa. Unawasiyira mpando. Chaka chotsatira, mu 1967, dzina la Jim Reeves linalowa mu Country Music Hall of Fame ku Nashville. Ndi! ndi! ndi! Ombani m'manja!