Kachewere, Nthochi ndi Makhadi a Khirisimasi

Khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa silidapangidwe limodzi lokha. Mu 1843 Henry Cole wa ku London adapempha wojambula John Callcott Horsley kuti amukonzere chithunzi, makina n'kusindikiza makhadi 1,000. Utoto wokhawo ndiwo udapakidwa ndi manja, khadi ndi khadi, ndipo lililonse linkagulitsidwa shileni imodzi. Amene amanyoza makhadi a manja opangidwa ambirimbiri, ati si luso koma geni chabe, sakuidziwa bwino mbiri ya ntchitoyi. Idayamba ili ya mulu. Mmisiri weniweni amayesedwa pa funso lina: pa makhadi 50, n'chiyani chiyenera kufanana ndendende, nanga n'chiyani chiyenera kusiyidwa kuti chizisintha chokha?

Pa Biriwiri, m'boma la Ntcheu, zida zoyankhira funsoli zili pakhomo penipeni. Pachigawo ichi msewu wa M1 umatsata malire, uku Malawi uko Mozambique, ndipo kuyambira pano kukafika ku Lizulu m'mbali mwa msewu mumakhala milu ya kachewere, kabichi ndi tomato. Nthochi zili kuseri kwa nyumba, telala ali pakhonde la sitolo ndi tizidutswa ta zitenje tomwe madzulo amangosesa. Chogula ndi pepala lolimba, guluu woyera wa akalipentala uja, lezala ndi maenvelopu.

Gawo loyamba lilibe chokoma, koma ndi pamene ambiri amagwera. Pepala la A4 ukalidula pakati, chidutswa chilichonse n'kuchipinda, umapeza makhadi awiri a mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali, olowa bwino mu envelopu ya C6. Wodziwa ntchito amadula onse kaye, kenako amalemba mzere wopindira pa onse ndi kumsana kwa mpeni, kenako amapinda onse. Sapanga khadi limodzi mpaka kumaliza n'kuyambanso lina, chifukwa dzanja likazolowera ntchito imodzi silifuna kusokonezedwa. Apa pakufunika chikombole ngati cha woumba njerwa: kakatoni kolimba koyezera, kuti khadi la 50 litalike chimodzimodzi ndi loyamba. M'mphepete mokhota si chizindikiro choti khadi ndi la manja, ndi ulesi basi, ndipo wogula asalole kunamizidwa.

Pa makungwa a nthochi ndi pomwe nkhani imakoma. Amasenda ouma a kunja kwa thunthu, kuwapukuta fumbi, kupala zofewa za mkati ndi lezala, kenako kuwasita ndi nsimbi ya makala mpaka aphwatalale. Khungwa limodzi limakhala ndi mitundu yambiri: poyera ngati ufa wa mgaiwa, pofiirira, pa mathothomathotho, pakuda bii. Mmisiri watcheru amayamba wasanja makungwawo m'timilu molingana ndi mtundu, akuda a nkhope ndi mikono, a mawanga a zovala, owala a denga la khola. Ndiye ngakhale adule Mariya 50 pa chikombole chimodzi, palibe awiri adzavale nsalu yofanana. Kusiyanako nthochi yapereka yokha, iye ntchito yake ndi kusankha.

Khungwa lili ndi khalidwe lake. Limang'ambika mosavuta motsata ulusi wake, koma ukalidula mozungulira limasweka m'mphepete. N'chifukwa chake anthu a pa makhadi a nthochi amakhala aatali, oonda, a miyendo ngati timitengo. Ena amayesa kuti ndi sitayilo yotengera kwina, pamene ndi khungwalo likulamula. Amene amalimbana nalo pofuna masaya onenepa a khanda amathera m'zigamba ndi guluu wotuluka m'mbali. Amene amalimvera amadula mutu wa Yesu wakhanda ngati kambewu ka nyemba, n'kusiya thupi lonse likhale kansalu kamodzi kombereka kumsana.

Kachewere naye amagwira ntchito, ndipo ndimadabwa kuti dera lolima mbatatayi chonchi silinaitole njirayi n'kuiyesa yakeyake. Ukadula mbatata pakati n'kusema nyenyezi kapena tsamba la chimanga, wapeza chidindo. Uchipukute madzi kaye, upake utoto wochepa ndi kasiponji, udinde. Chidindo chotere sichigona: pofika mawa chafota, m'mphepete mwapindika. Motero chimakukakamiza kudinda mulu wonse tsiku lomwelo, ndipo makhadi oyamba amatuluka akuthwa, omaliza ofewerako. Ine omalizawo ndi amene amandisangalatsa, bola asafike pochita phala.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Khadi la Khirisimasi silipangidwa mu Disembala. Mvula ikayamba, kumapiri a Ntcheu kumachita chinyezi ndi nkhungu, guluu sauma msanga, pepala limapindika, makungwa amachita nguwi. Ntchitoyi ndi ya Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, makhadi n'kuwapanikiza usiku wonse pakati pa matabwa awiri, pamwamba njerwa. Ndiponso opita kunja amayenera kukhala ali ku positi ofesi Novembala asanapite patali.

Koma chodandaulitsa chachikulu sichili m'manja, chili m'maso. Mukayang'ana makhadi a pa misika ya ziboliboli ku Lilongwe ndi ku Blantyre, zithunzi zake n'zomwe zija: mayi wosenza mtsuko, mlambe, bwato, dzuwa likulowa. Ogula ndi alendo, ndiye wopanga amawapatsa Malawi amene akumuyembekeza kale. Makhadi a m'masitolo nawo amatipatsa chipale chofewa ndi nkhalamba ya ndevu yovala chijasi chofiira, m'mwezi umene anthu akupalira chimanga thukuta lili kamukamu. Onse awiri akubwereza, ndipo kubwereza koipa ndi kumeneku, osati kwa chikombole.

Njira ina idaonetsedwa kale pafupi pomwepa. Kutsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko adazolowera kuwapatsa anthu a m'Baibulo nkhope, zovala ndi zida za kwathu kuno. Ku Blantyre, bungwe la PAMET lidaonetsa kuti pepala lenilenilo likhoza kupangidwa kuchokera ku mapepala otha ntchito, ulusi wa nthochi, ngakhale ndowe za njovu. Wopanga makhadi wa pa Biriwiri alibe chifukwa chobwerekera bwato la ku Mangochi. Abusa ake akhoza kukhala anyamata a ng'ombe a Chingoni, chibonga m'manja. Anzeru a kum'mawa akhoza kubwera pa njinga zolemedwa ndi matumba a kachewere. Kumbuyo kwawo kukhale mizere ya chimanga chofika m'mawondo, pakuti Khirisimasi ya kuno ndi yobiriwira.

Za mawu a mkati, ine ndimati asiyidwe mpaka wogula afike. Pa malo ngati ano wina afuna Chichewa, wina Chingerezi, wina wochokera ku Tsangano kapena ku Angónia afuna Chipwitikizi, wina sakufuna mawu alionse chifukwa ali ndi zake zolembera mwana wake ali ku Joni. Masiku ano mafuno a Khirisimasi ambiri amayenda pa WhatsApp, chithunzi chimodzi kwa anthu onse a mu foni. Amene wavutikira kugula khadi ndiye kuti akufuna kulembapo dzina la munthu mmodzi ndi cholembera chake, ndipo akatsegula n'kupeza mmisiri wadzaza kale tsamba lonse ndi vesi ndi timaluwa, amalibweza pa mulu n'kutenga lina.